Mlandu wa Matope a Pansi pa Nyanja

— Halo?

— Halo! Halo! Ndi ku Zomba kumeneko?

— Inde, ndi ku Zomba. Ndani mnzanga?

— Ndimafuna a Dokotala Thole. A Stafford Thole, aja ophunzitsa za miyala.

— Ndine amene. Koma mukumveka ngati mukuyankhulira mumtsuko. Ndani?

— Ndine Lyson, alamu. Sajeni Chimbalanga, kuno ku Mzimba.

— A Sajeni! Alamu anga! Monire chomene. Muli bwanji kumeneko?

— Tili bwino, kaya inu alamu?

— Tili makora, yewo. Mvula yayamba kwathuko?

— Yagwa kawiri. Yachiwiriyo inabwera ndi matalala, nazale za fodya cha ku Embangweni zang'ambika ngati anachita kuziwombera. Nanga kwanuko?

— Kuno ndi chifunga chokhachokha. Kamwana kanu Lucia kali bwanji? Kakupitabe kusukulu?

— Kakupita. Mano akutsogolo achoka onse awiri, kakuyankhula ngati nkhalamba.

— Nanga mlongo wanga Felesta?

— Make Lucia ali moyo.

— Ali moyo basi?

— Ali ndi mphamvu, alamu. Mphamvu zambiri ndithu.

— Amama kumudzi? Maondo aja?

— Akuyenda ndi ndodo, koma kumunda sajomba.

— Nanga adada? Mwawaona posachedwa?

— Apongozi ndawaona lero lomwe.

— Ooh, abwera ku boma?

— Abwera. Akhalako masiku angapo.

— Ndiye akugona kwanu?

— Malo ogona tawapezera. Alamu, foniyi ndinabukitsa m'mawa, andilumikiza pano thuu koloko, ndipo ndi ya ofesi. Ikaduka musadabwe. Ndimati ndimve za ulendo wanu uja wa pasitima. Tinangomva kuti mwabwerako.

— Ha, a Sajeni! Miyezi iwiri pamadzi, nyanja ya Atlantiki. Sabata yoyamba ndinasanza mpaka ndulu.

— Pepani. Nsomba munagwirako?

— Sitima yathu si ya nsomba. Pakati pake pali nsanja yaitali kuposa ya tchalitchi. Timalumikiza mapaipi, ina pa inzake, n'kumatsitsa mpaka agunde pansi. Madzi okhaokha makilomita anayi.

— Anayi cholowa pansi?

— Cholowa pansi. Tikagunda timabowola, n'kukoka zimene zalowa mupaipi.

— Ndiye mumatuluka chiyani? Golide?

— Matope.

— Laini yavuta. Mwati mafuta?

— Matope, a Sajeni. Dothi.

— Anthu ophunzira, sitima yathunthu, kukatenga matope? Kudambo kwathu ku Dedza mukanangobwera ndi khasu.

— Matope ake ndi ena. Tamverani. Kuseri kwa nyumba yanu kuli dzala?

— Liliko.

— Mukakumba padzalapo, pamwamba mupeza makoko a mango a sabata yatha. Pansi pang'ono phulusa la chaka chatha. Pansi penipeni mbale yosweka ya amene ankakhala m'nyumbamo inu musanabwere. Palibe anachita kulemba, koma dzala lasunga zonse mwandondomeko. Pansi pa nyanja ndi dzala la dziko lonse, ndipo kulibe nkhuku yoti ifukule.

— Dikirani ndilembe. Kulibe... nkhuku...

— Mukulemba?

— Ndimakonda maphunziro, alamu. Pitirizani. Chimagwera padzalapo n'chiyani?

— Tizilombo. Pamwamba pa nyanja pamayandama tizilombo ting'onoting'ono, kamodzi ngati kamchenga, kalikonse ndi kachigoba kake ngati nkhono. Tikafa, tizigobato timamira pang'onopang'ono ngati mvula yowaza, usana ndi usiku. Kumene tinabowola ife, matope okhuthala ngati chala chanu m'mimba mwake amatenga zaka sauzande kuti aunjikane.

— Chala changa kapena chanu? Zanga n'zonenepa.

— Chanu tinene zaka sauzande ndi theka.

— Ndiye mumadziwa bwanji zaka zake? Mboni ilipo? Chifukwa kuno munthu akangonena kuti ng'ombe iyi ndi ya zaka zisanu timayang'ana mano.

— Mboni zilipo. M'tizigobamo muli mtundu wina wa kaboni umene umatha pang'onopang'ono ngati kandulo, ndipo liwiro lake timalidziwa. Tikayeza wotsala, tadziwa kuti kandulo inayatsidwa liti. Koma imeneyo imazima pakatha zaka fote sauzande. Kupitirira apo timadalira zina. Nthawi zina mumapeza mzere wakuda wa phulusa la phiri limene linaphulika, chaka chake n'chodziwika kale. Ndiye palinso tizitsulo.

— Zida?

— Ayi, fumbi lachitsulo. Likamamira limaloza kumpoto ngati singano ya kampasi, n'kukwiririka likulozabe komweko. Tsono mukatsika pansi kwambiri mumapeza kuti lonse latembenuka, likuloza kumwera. Ndiye kuti nthawi imeneyo maginito a dziko anali chadodolido. Kumpoto kunali kumwera, kumwera kunali...

— Khoo! Khoo! Khoo!

— Mwatsamwa, a Sajeni?

— Chifuwa, alamu. Mphepo ya ku Luwawa yafika m'tauni. Tiyeni tisiye za zigawozo. Ndifunseko china. Kodi bambo Menadi kwawo n'kuti?

— Ndani?

— Menadi. Dzina lina sindilidziwa. Akuti zinthu zitavuta anasowa, anakabisala kunja zaka zambiri, kenako anabwerera kudzera ku Kepi ali ndi anzake osawerengeka, n'kudzaza dera lonse.

— Ha ha! Alamu, Menadi si munthu! Ndi kachilombo kamene ndikunenaka. Kamakonda madzi ofunda. Dziko likazizira kamasowa ku Atlantiki, kamatsala ku nyanja ya India kokha. Kukafundanso, mafunde amakabweretsa. Ndiye ife tikaona matope opanda Menadi timadziwa kuti apa kunali chisanu.

— Nanga mayi Pakidema?

— Bwanji mwawapatsa umayi?

— Dzinalo likumveka lachizimayi. Akuti iwo ndi gulu lawo lonse anatembenukira kumanzere nthawi imodzi, popanda wotsala. Alamu, kumanzere mukudziwa kumene kuli. Dziko lino sitigwirizana nako.

— Chigoba, a Sajeni! Chigoba chake chimapota cha kumanzere madzi akazizira, cha kumanja akafunda. Tikawerenga akumanzere ndi akumanja m'chigawo chilichonse cha matope, tadziwa mmene nyengo inalili. Koma dikirani. Mayina amenewa mwawatenga kuti? Menadi, Pakidema, Kepi. Ine zimenezi ndinalemba m'kalata imodzi yokha. Ya adada.

— Eya.

— Kalata imene ndinatumiza pamodzi ndi kabotolo ka matope.

— Eya, ili pano patebulo.

— Patebulo la kunyumba?

— La kuntchito.

— A Lyson. Adada ali kuti?

— Ali bwino, alamu, mabulangeti ndawapatsa awiri, langa lomwe...

— Ndati ali kuti?

— Ali m'chitokosi. Kuyambira Lolemba.

— Mwe! Mwatsekera adada? Munthu wa zaka sevente-wani, waphunzitsa theka la boma la Mzimba? Apongozi anu enieni, amene anakupatsani mwana wawo?

— Musakuwe, alamu, pa lainipa sitili awiri. Simukumva kupuma kwinako? Mundimvere kaye. Ine sindinawagwire. Anachita kundibweretsera.

— Ndani?

— Lolemba anabwera ku boma ndi basi ya m'mawa. Pobwerera basi inachedwa, ndiye anakhala pa tiirumu ya pa depoti. Mukuwadziwa apongozi, anthu atatu akakhala pamodzi kwa iwo ndi kalasi. Anatulutsa kabotolo kaja, n'kukaimika patebulo, n'kuyamba kuwerenga kalata yanu mokweza, uku akumasulira m'Chitumbuka. Akuti anthu anadzaza mpaka pakhomo, wogulitsa mandasi anasiya mafuta pamoto.

— Ndiye cholakwa n'chiyani?

— Pakona panali a tcheyamani a Chipani a pamsika, akumwa tiyi. Iwo Chitumbuka amangomva mutu ndi mchira. Anamva kuti wina anathawira kunja ndipo abwerera ndi gulu. Anamva za kumanzere. Anamva kuti kumpoto kudzakhala kumwera. Ndiye panali mawu aja otsekera kalata.

— Ati?

— Ndiwerenge chapansipansi. "Adada, matopewa andiphunzitsa chinthu chimodzi. Mtundu ungalamulire nyanja zaka mamiliyoni, tsiku lina umatha, pamwamba pake n'kugona wina. Palibe chokhala mpaka..." Liwu lomalizalo sindilitchula pa foni ya boma.

— Muyaya?

— Khoo! Khoo! Halo? Halo? Laini yaipa, sindinamve chilichonse! Amene mukumvetsera nonse, sindinamve!

— Koma ndimanena tizilombo!

— Inu mumanena tizilombo, a tcheyamani anamva zina. Anabwera nawo kuno anthu ali pambuyo ngati ukwati. Pa kauntala ndinali ine. Alamu, chikwatirire mlongo wanu sindinawayang'anepo apongozi m'maso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Ndiye lamulo likuti womangidwa avule nsapato ndi lamba. Ndinagwada pansi, nkhope kumbali, ndikuwomba m'manja, ndati bambo, boma likupempha lamba.

— Anati chiyani?

— Anati, "Boma likhale ndi lamba, thalauza ndigwira ndekha." Mpaka lero akuyenda m'chitokosimo dzanja limodzi lili m'chiuno ngati insipekitala wa sukulu.

— Chiuta wane. Akudya?

— Akudya. Kufunsa mafunso ndiye kwandikanika. Ndimakhala panja, iwo mkati, tonse tafulatirana, konsitebo Bestone n'kumanyamula mawu. Ndikafunsa funso limodzi iwo amabweza atatu, Bestone akalephera amamuuza kuti abwereze. M'chitokosimo ali ndi mkulu wina woganiziridwa kuba ng'ombe. Pano munthu uja akudziwa za nyengo ya madzi oundana kuposa dzina la mwini ng'ombe.

— Atulutseni, a Lyson, ndapota. Mwamva nokha kuti ndi tizilombo.

— Zikanakhala m'manja mwanga. Nkhani inakwera kale kumtunda. Mawa teni koloko kukubwera abwana awiri ndi galimoto yopanda nambala ya boma. Akufuna lipoti, akufuna kalata, akufuna kabotolo. Akakhutira, apongozi apita kwawo. Akapanda kukhutira, akwera nawo galimotoyo, ndipo kumene imapita simufunsa kuti abwera liti. Akamaliza apo afunsa amene analemba kalata.

— Ndamva.

— N'chifukwa chake ndaimba. Ndimati muyankhule nokha momveka, kuti ndi omvetserawo amve. Koma inu chilichonse mukanena chikuposa cha m'kalata.

— Chabwino, njira ilipo yapafupi. Asamve za ine, aone okha. Tengani matope a m'kabotolomo, muwasukuluze ndi madzi, muwasefe pa kansalu kothina. Zotsala pansaluzo muwaonetse. Tizigoba tili mmenemo masauzande. Munthu akamuona Menadi ndi maso ake, mlandu watha.

— Eya. Pamenepo ndiye pali kavuto.

— Kavuto kanji?

— Matope aja kulibe.

— Apita kuti? Mwataya?

— Adyedwa.

— Ndi mbewa?

— Ndi mlongo wanu.

— Felesta wadya matope anga?

— Ndi woyembekezera, alamu, miyezi inayi. Timati tikuuzeni bwinobwino pa Khirisimasi. Mwezi wonse uno chiswe cha kuseri kwa laini ya apolisi chikumanga, iye akugumula. Lachiwiri anabwera ndi chakudya cha bambo ake. Kuyambira Lolemba sakundiyankhula, ndikugona pakhonde. Anafika pa kauntala, ine ndinapita kukatenga makiyi. Pobwera ndinapeza kabotolo kali mbee, iye akupukuta pakamwa, akundiyang'ana m'maso. Ndiye anayankhula koyamba. Anati, "Umboni wako uli m'mimba mwa mkazi wako. Unditsekere."

— A Sajeni, matope amenewo ndi a zaka handiredi twente-faifi sauzande. Ndinachita kusainira mapepala atatu kuti andilole kutengako supuni ziwiri.

— Akuti anali okoma kuposa a chulu. Osalala, ndi kamchere pang'ono.

— Mbwenu zatha. Ndiye mawa muonetsa botolo lopanda kanthu?

— Ayi, lili ndi kanthu. Ekizibiti, umboni wa mlandu, ikasowa m'manja mwa sajeni, sajeniyo ndiye amalowa m'malo mwake. Ndinapita kumtsinje wa Mzimba ndi njinga, ndinakapeza dothi loyererako, ndadzazamo.

— Mmenemo mulibe chigoba ngakhale chimodzi! Akakaliyeza apeza ndowe za ng'ombe za chaka chino. Ndiye adzati kalata yonse ndi bodza, matope ndi chophimbira, Menadi ndi munthu.

— Ndi zimene ndaganiza usiku wonse pakhonde paja. Simungatumize ena?

— Ndili nako kabotolo kena kamodzi muno mu ofesi. Koma ngakhale nditakwera basi pompano, ku Mzimba ndifika mawa dzuwa litapendeka. Teni koloko ndidzakhala ndisanadutse Kasungu.

— Basi. Kabotolo ka mu ofesi yanuko sikatithandiza. Tikwera atatu galimoto ija, apongozi, mlongo wanu ndi ine. Ine ndikhala kumbuyo, kuti ndisayang'anane ndi apongozi.

— Dikirani. Kabotolo munakatsuka musanathiremo dothi lanulo?

— Mlongo wanu anakatsuka ndi chala.

— Nanga chitsekero?

— Chitsekero chatani?

— Kabotolo kali ndi chitsekero chopota, chakuda. Felesta ananyambita mkati mwake?

— Sindinamufunse. Simukumudziwa mmene alili masiku ano.

— Tsegulani muone. M'mizere mopotera muja.

— Dikirani. Ndaika foni paphewa. Chalimba... chatseguka. Muli zoyera zouma, ngati ufa wokakamira m'mphepete mwa lichero. Koma n'zochepa, alamu, sizingadzaze ngakhale chikhadabo.

— Zakwana! Zimenezo ndi zaka handiredi kapena kuposa. Muli ndi chinthu chakuda chosalala pafupi?

— Nsapato yanga.

— China.

— Chikuto cha buku la milandu.

— Chomwecho. Palani zoyerazo ndi pini zigwere pachikutopo. Mudonthezepo madzi dontho limodzi, mubalalitse pang'onopang'ono. Musakhudze ndi chala chanu chija. Tsono pakufunika galasi lokuza zinthu. Kuchipatala ali nalo loyezera malungo, koma...

— Tili nalo lathu loonera zidindo za zala. Chibwerereni sitinagwirepo wakuba nalo, Bestone amayatsira fodya padzuwa. Bestone! Bweretsa galasi lija! Ayi, ndudu usiye komweko. Alamu, musadule.

— Sindidula. Pitani pafupi ndi windo, pakhale kuwala.

— Chingwe cha foni n'chachifupi. Ndakoka tebulo. Ndikuona... phala. Phala loyera basi.

— Dikirani madzi aphwe pang'ono. Galasi mulisendeze pafupi, kenako muzilikweza mpaka ziwoneke bwino.

— Phalabe. Mchenga. Tsitsi la Bestone. Mchenga wina... Iii.

— Mwaona chiyani?

— Alamu.

— Nenani!

— Si mchenga. Kali ndi zipinda. Kamodzi aka kali ngati timipira tinayi tomatirirana. Aka kali ngati njere ya therere. Koma aka... aka n'kophwatalala, kopota ngati nkhono, zipinda zikunka zikula, m'mphepete muli mkombero ngati wa mbale ya enamelo. Koyera, kowala. Ndani anapanga zimenezi?

— Wamkomberoyo ndi Menadi.

— Uyu? Amene wandigoneka pakhonde masiku atatu ndi ameneyu?

— Yemweyo. Ndipo poti alipo, ndiye kuti nthawi imeneyo nyanja inali yofunda ngati lero, mwina kuposa.

— Anafa liti, mwati?

— Zaka handiredi twente-faifi sauzande zapitazo.

— Azungu asanabwere?

— Angoni asanabwere, Atumbuka asanabwere, munthu asanadziwe khasu.

— Ndiye wakhala ali gone mumdima pansi pa madzi nthawi yonseyo, mpaka lero kudzaonedwa ndi ine, mwana wa a Chimbalanga. Taonani wina uyu. Ndi wina. Bestone, tabwera uone, koma usapumirepo, ungawauluze oganiziridwa. Alipo oposa makumi atatu, alamu. Ndawagwira onse.

— Musawasiye poyera. Akauma muwakute ndi tambula.

— Ndiwaika m'sefa, kiyi ndigona naye. Mayi Pakidema ndi ati pamenepa?

— Mwina simuwapeza. Iwo ndi a madzi ozizira, matope awa ndi a nthawi yofunda.

— Ndiye kuti akadali kunja, sanagwidwe.

— Musalembe choncho! Lembani kuti nawonso anafa.

— Chabwino. Lipoti ndiliyambe pompano muli pa foni. "Oganiziridwa, Menadi ndi anzake, apezeka m'chitsekero cha botolo. Onse ndi akufa. Anamwalira dziko lisanalandire ufulu, kunja kwa boma la Mzimba, pansi pa madzi. Makhadi a Chipani analibe chifukwa nthawiyo anali asanayambe kugulitsidwa." Zili bwino?

— Za makhadizo chotsani.

— Ayi, zimenezo ndiye afunsa poyamba. Tsono za kumpoto ndi kumwera zija. Zinachitika liti komaliza?

— Zaka zoposa seveni handiredi sauzande zapitazo.

— "Nkhani ya zigawo ndi yakale, inatha." Zidzachitikanso?

— Inde, zachitika kambirimbiri, ndipo tsiku lina...

— Alamu. Ndikufunsanso, ndipo mupume kaye musanayankhe. Zidzachitikanso?

— Osati mawa teni koloko.

— "Katswiri watsimikiza kuti sizichitika." Nanga liwu lija la kumapeto?

— Lembani kuti wolemba kalata amanena za tizilombo ta m'nyanja tokha, ndipo za pamtunda sanaziphunzire.

— Limenelo ndiye yankho la munthu wa madigiri. Abwana aja ndiwakhazika pawindo pompano, galasi m'manja. Wamkuluyo ndimamudziwa, anali mphunzitsi asanalowe ntchito imeneyi. Akangomuona wamkomberoyu, sanyamula nkhalamba chifukwa cha nkhono. Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Funso lomaliza, alamu, ili si la boma. Mwana ali m'mimbayo. Masauzande aja amene anamezedwa aja, sangamuchite kanthu?

— Palibe. Ndi laimu basi, ngati choko. Mwina amulimbitsa mafupa. Koma dothi la chulu lija mumuletse, limabweretsa njoka zam'mimba. Apite ku sikelo akamupatse mankhwala a magazi.

— Kumuletsa mukamuletse ndinu pa Khirisimasi. Dikirani, apongozi akuitana. Chitokosi chili kuseri kwa khoma lomweli, amva zonse. Bestone, akuti chiyani abambo? Eya. Alamu, akuti ndikufunseni: chala chimodzi zaka sauzande, mumanena m'litali kapena m'mimba mwake? Chifukwa mnzawo wa ng'ombe uja anamuuza m'litali, ndipo ngati analakwitsa akufuna akonze asanasiyane.

— M'mimba mwake. Auzeni m'mimba mwake. A Lyson, foni singafike pamene alipo?

— Chingwe chathera pawindo.

— Ndiye muwauze kuti... muwauze kuti Stafford akupepesa chomene. Ndine ndawaika mmenemo. Munthu wamkulu kugona pasimenti chifukwa cha kalata yanga. Ndimangofuna aone kumene choko chawo chinandifikitsa.

— Bestone, kanene monga wamvera, usachotsepo. Dikirani, alamu... Akuyankha, ndikuwamva ndekha. Akuti, "Wakupepeska vichi?" Akuti mukupepesa chiyani. Akuti zaka fote anaphunzitsa ana kuti nyanja ndi yakuya, iwo osaiona, lero mwana wawo wawabweretsera pansi pake m'botolo. Akuti simenti ndi yozizira koma kalasi ndi yabwino, palibe wothawa.

— Adada...

— Akupitiriza. Akuti botolo linalo muli nalo mu ofesilo mutumize, poti loyamba anadya mlongo wanu iwo asanalione pagalasi. Ndipo akuti ulendo wina mukabowole pansi kwambiri, akufuna aone za nthawi imene kumpoto kunali... Bambo, chonde! Limenelo ayi, foni ili yotsegula!

— Auzeni nditumiza sabata ino.

— Musatumize papositi, alamu! Mubwere nalo nokha m'thumba la jekete. Ndipo musalembe kalata. Mukafuna kulemba, lembani kuti muli bwino, mvula ikugwa, basi.

— Ndamva. Mawa mundiimbire akangochoka abwanawo, ndikhala pafupi ndi foni tsiku lonse. Galasilo muwapatseko adada madzulo ano, amuone Menadi.

— Lamulo silola galasi m'chitokosi. Koma lamulo silinanene kuti womangidwa sangaitanidwe kudzazindikira oganiziridwa anzake. Bestone, tenga makiyi. Ubweretsenso lamba wa abambo, sangagwire galasi ndi dzanja limodzi. Ine ndiima panja, ndifulatira. Alamu, olumikiza mafoni a pa ekisichenji akugogoda, akuti pali wina akufuna laini ya Lilongwe.

— Yewo chomene, a Sajeni. Moni kwa Felesta, mumuuze kuti...

— Mukamuuze nokha, ine sanayambe kundiyankha. Tsalani bwino, alamu, apongozi akutuluka, ndiyenera kuchoka pakhomo. Bestone, tebulo usaligwedeze! Halo? Alamu, mwati tambula kapena... Halo? Halo?